Chala cha a Filipo pa kapaipi

A Filipo Kamdambo anaphunzira umakaniko pa galaja ya mishoni imene inatsekedwa kalekale. Anabwerera kwawo ku Nachisaka ndi masipanala asanu ndi awiri m'thumba la feteleza. Dzinja amalima mtedza. Chilimwe amakonza magalimoto akale, aja a kabuleta, amene anyamata a ku Mponela safuna n'kuwakhudza komwe.

Okutobala wa chaka chatha anali wouma. Udzu unapsa, nyenje zinkalira tsiku lonse, ndipo mphekesera ya anamapopa, anthu oti amapopa anzawo magazi, inafika kumapiri kuno.

Masiku omwewo Bonifasi wa ku Madisi ankagula mtedza m'midzi pa pikapu yakale. Pikapuyo ikamathamanga inali bwinobwino, koma akangoleka kuponda moto, injini inkanjenjemera n'kuzima. Pa sukulu ya pulayimale pali ngalande imene woyendetsa aliyense amaimapo. Masiku atatu otsatizana inazimira pomwepo. Iye ankati ndi zinyalala za mu petulo, choncho ankazula paipi, n'kuyamwa, n'kulavulira m'botolo. Ana anaona mlendo, paipi kukamwa, botolo la madzi ofiirira. Anakanena kunyumba.

Tsiku lachitatu, a Filipo pofika pa njinga, anapeza khamu la anthu litazungulira pikapu, magalasi onse ataswedwa. Bonifasi anali gone m'fumbi, nkhope itatupa, dzanja lamanzere litapindika mosayenera. Anthuwo anali atamuthira petulo wa m'botolo lija. Chikhumbo, mnyamata wamphamvu wa m'mudzimo, anagwira chikwanje, ndipo mayi Susana, amene mwana wawo ali sitandade 2, ankafuula kuti wina abweretse machesi.

"Taimani!" anatero a Filipo.

Njerwa inawapeza paphewa. Anagwa, n'kudzuka.

"Madala, chokanipo," anatero Chikhumbo. "Kapena mumadya naye limodzi?"

"Iwe Chikhumbo, njinga yamoto ya malume ako anakonza ndani? Ndipatse nthawi yosuta ndudu imodzi. Galimotoyi ikapanda kuzima yokha, uchite zimene ukufuna."

"Bodza! Masiku atatu, malo amodzi?" anatero mayi Susana.

"Nanunso muone ndi maso, mayi. Chikhumbo, khala pachiwongolero wekha, angamati ndachita matsenga."

Chikhumbo analiza injini, akuponda moto. Inabangula.

"Chotsa phazi."

Inatsokomola kawiri, zii.

Kumbuyo wina anamenyabe Bonifasi ndi chibonga m'nthiti. Machesi anali atafika, akudutsa m'manja.

A Filipo anatsegula boneti ndi dzanja limodzi. Petulo ankafika mu kabuleta, momwe amasakanikirana ndi mpweya, ndipo tchoko, chotsekera mpweyawo, sinali yomata. Injini imene ikuthamanga bwino koma n'kumafa ikaima, nthawi zambiri imakhala yatsekeka kajeti, kabowo kakang'ono kodutsa petulo, apo ayi ikukoka mpweya pamalo posayenera. Kumasula jeti kunkafuna theka la ola. Bonifasi analibe theka la ola.

"Liza kachiwiri, uponde pang'ono. Inu nonse khalani chete!"

Sanakhale chete. A Filipo anagoneka khutu pafupi ndi chitsulo chotentha, kufuna kaphokoso kamodzi pakati pa nyenje ndi mkuwo wa anthu. Anakamva: kamluzu kakang'ono, kuseri kwa kabuleta. Anapapasa n'kupeza kapaipi ka mphira, kouma, kong'ambika kumutu. Anatseka mng'aluwo ndi chala chachikulu.

"Chotsa phazi."

Injini inakhazikika, ikulira mofatsa.

"Mayi Susana, bwerani. Yang'anani chala changa."

Anachotsa chala, injini inazima. Anatseka, Chikhumbo n'kuliza, inakhazikika. Anachotsanso, inazima. Kachitatu anagwira dzanja la mayi Susana n'kuika chala chawo pamng'alupo. Mayiwo anamva mpweya ukukoka khungu lawo. Anachotsa okha, injini n'kufa.

"Namapopa wanu ndi ameneyu," anatero a Filipo. "Amapopa mpweya."

Palibe anaseka. Wamachesi uja anawabisa m'thumba. Anthu akumbuyo anayamba kuchoka mmodzimmodzi, ena atanyamula mtedza wa Bonifasi m'zitenje.

"Bweretsa chikwanjecho."

Chikhumbo anapereka osayang'ana mmwamba. A Filipo anadula mutu wong'ambikawo, n'kubwezera kapaipi, n'kumanga ndi mphira wa chubu cha njinga.

Anamugoneka Bonifasi pamatumba amene anatsala. Phewa la a Filipo silinkalola kuyendetsa.

"Uyendetsa ndiwe," a Filipo anamuuza Chikhumbo. "Pang'onopang'ono m'mabampu. Nthiti zake mwaziswa."

Anafika kuchipatala cha Madisi dzuwa litapendeka. Bonifasi anakhalako milungu isanu. Anatuluka mvula yoyamba itagwa, akuyenda ndi mapazi ake, diso limodzi losaona.