Soya Wowola wa Agogo Michiko

Fungo lake limandipezabe mpaka lero. Ndi fungo la masokosi a mwana amene wamenya mpira tsiku lonse, kenako n'kuwaiwala m'chikwama sabata yathunthu. Ndinalimva koyamba m'khitchini ya nyumba ina ku Markham, nyengo yozizira yoyamba imene ine ndi amayi tinakhala ku Canada, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Panja sinowo inali itakwirira matayala a magalimoto, ndipo amayi anali ataima pafiriji, atagwira kabokosi koyera kutali ndi mphuno ngati agwira khoswe wakufa.

Amayi ankasamalira agogo ena a Chijapani, dzina lawo Michiko. Agogowa anali atachita sitiroko. Mkono wamanja unafooka, ndipo Chingelezi chimene anaphunzira kuno chinawathawa, n'kutsala ndi chilankhulo chakwawo basi. Ife tinkagona m'chipinda chapansi, pafupi ndi makina otenthetsera nyumba amene ankangong'ung'udza. Ngakhale ndinali mwana, chinthu chimodzi ndinkachidziwa bwino: pemiti ya amayi inali yomangiriridwa ku ntchito ya m'nyumba imeneyo. Agogo akachoka, ntchito yatha. Ntchito ikatha, tikwera ndege kubwerera ku Ndirande, kumene amayi anali atagulitsa kale chilichonse mpaka mbaula.

Mwana wa agogowo, Anti Linda, ankagwira ntchito m'tauni ya Toronto ndipo ankabwera Lamlungu lokha, atanyamula majumbo a kusitolo ya Chijapani. Zimene zinkatuluka m'majumbomo ine ndinkaziona ngati nthabwala. Munali buledi wong'amba pakati, m'kati ataikamo zonga supageti wokazinga. Munali sangweji ya sitiroberi ndi kirimu, chokoleti chobiriwira ngati ndere chonunkhira masamba a tiyi, ndi nsomba yaiwisi yodulidwa mwaudongo ngati sopo. Ndiye panali tibokosi toyera tomanga titatutitatu, ta nato, soya wosasitsa amene ukamuvundula amananda kuposa therere, n'kumakoka ulusi ngati wa kangaude.

Amayi anali nesi kwathu, ndipo kwa iwo nkhani inali yachidule: wodwala sadya chowola, sadya chachiwisi. Anti Linda akangotuluka, nato ankapita m'bini, nsomba inkalowa m'poto n'kuwira mpaka kuyera mbuu. Agogo ankalandira phala, mbatata yokanya ndi supu wa nkhuku. Lamlungu lotsatira Anti Linda ankapeza firiji ili pululu, n'kumathokoza kuti zonse zadyedwa. Kufunsa mayi awo sakanatha kwenikweni, chifukwa Chijapani chawo chinkathera pa moni, monga mmene ana athu obadwira kuno achitira ndi Chichewa.

Agogo anasiya kudya. Supuni ikayandikira ankatseka pakamwa n'kutembenukira kuwindo loyang'ana kugalaja. Mphete inayamba kuvuka yokha pachala. Lamlungu lina Anti Linda anawakweza pasikelo ya kubafa, nayang'ana nambala nthawi yaitali, kenako ananena mwaulemu kuti adokotala ati sikelo ikapanda kukwera pofika kumapeto kwa February, agogo apita kunyumba yosungirako okalamba. Amayi anamwetulira, anawaperekeza pakhomo, kenako anatsika kuchipinda chathu n'kukhala pabedi chivalire yunifomu. Sanalire. Kusalira kwawoko n'kumene kunandiopsa.

Anayesa zonse. Anathira shuga m'phala, anauchotsa, anathira mkaka. Anaimba nyimbo za kwaya supuni ili m'manja. Tsiku lina ndinawaona atagwada pambali pa chikuku cha agogo ngati mkamwini wapalamula, akunena m'Chichewa chenicheni, "Agogo, chonde idyani. Mutiphetsa ine ndi mwanayu." Kenako anayamba kusala kudya Lachitatu lililonse kuti Mulungu atsegule pakamwa pa agogo, moti nyumba ija inakhala ndi anthu awiri osadya.

Kunena zoona analipo atatu, koma wachitatuyo chinali chifukwa cha bizinesi. Ine ndinakulira m'mphepete mwa msika, ndipo kabokosi kosatsegula sindikanakaona kakupita pachabe. Kutulutsa bini inali ntchito yanga, ndiye tibokosi ta nato ndinkatitola n'kutikwirira m'sinowo pambali pa galaja, firiji yaulere. Kusukulu ndinatsegula msika. Wofuna kununkhiza ankapereka khadi la osewera hoke, masewera a pa ayezi otchuka kuno, wofuna kuona mnzake akulawa ankapereka zambiri. Ndinapeza magolovesi, ndinapeza chipewa. Koma vuto langa lalikulu linali nsapato, zimene zinkalowa madzi mpaka zala kufa dzanzi, ndipo kuwauza amayi nthawi ngati imeneyo sindikanatha. Ndinapangana ndi mnyamata wina wa m'kalasi mwathu kuti andipatse mabuti ake akale, ine ndizimupatsa nkhomaliro yanga mwezi wonse. Ndinkadziona katswiri, mapazi ali ofunda, mimba ikulira ngati jenereta.

Lachinayi lina amayi anathamangira kufamase kukatenga mankhwala, n'kundisiya ndi agogo. Potulutsa mabuku m'chikwama, kabokosi ka nato kamene sindinagulitse kanagwa pansi. Agogo, amene anali asanandiyang'anepo kwa masabata, anaimika dzanja lamanzere ngati wapolisi wa pamsewu. Analoza kabokosi. Analoza mpunga umene amayi anasiya pachitofu. Ananditsogolera ndi chala chimodzi: tsegula, thira timadzi takuda ta m'kapepala kamene kali m'kabokosimo, vundula, vundulanso, usasiye, mpaka pachite thovu. Nditaika pamwamba pa mpunga wotentha, fungo linadzaza khitchini yonse. Ndinawapatsa supuni.

Iwo anakankhira mbale kwa ine.

Ndinapukusa mutu. Pomwepo anatseka pakamwa n'kutembenukira kuwindo. Kachitidwe kameneko ndinkakadziwa, n'ka kasitomala amene akunamizira kuchoka. Ndinakweza chala chimodzi n'kudziloza, zala zitatu n'kuwaloza iwo: supuni imodzi ine, atatu iwo. Anandiyang'ana cham'mbali, n'kuonetsa chimodzi kwa ine, chimodzi kwa iwo. Ndinatsika kufika pa ziwiri. Anabwerera kuwindo. Ndinaganiza za ndege, ndi za amayi atakhala pabedi chivalire yunifomu, ndipo ndinatsinzina n'kumeza. Zinaterera pakhosi ngati chimfine, ulusi unandimata pachibwano, misozi inalengeza. Nditatsegula maso, agogo anali akutafuna.

Tinamaliza mbale yonse, supuni ine, supuni iwo. Masiku anayi otsatira ndinabisa nkhaniyi, chifukwa kuiulula kunali kuulula za bini, za msika ndi za mabuti. Tinkadya amayi ali pansi kuchapa. Tsiku lachisanu anakwera msanga ndi dengu la zovala, n'kutipeza ulusi ukulendewera pakamwa tonse awiri.

"Iwe Kondwani! Ukuwadyetsa za m'bini? Ukufuna tikamangidwe?"

Dzanja la amayi linali litakwera kale pamene agogo anamenya tebulo ndi supuni. Anatapa nato wambiri, anaika mkamwa akuwayang'ana amayi m'maso, anatafuna pang'onopang'ono, kenako ananyambita supuni mbali zonse ziwiri. Dengu linatsika. Amayi anakhala pansi pa matailosi ozizira, miyendo itatambasuka ngati pamaliro.

"Mayo ine," anatero chapansipansi. "Ndiye wowapha ndi njala ndine."

Lamlungu amayi anatsimikiza zoulula, ngakhale ndinawachonderera kuti munthu saulula mlandu asanafunsidwe. Atangoyamba kuti, "Linda, pali chimene ndakhala ndikuchita," agogo anawagwira pamkono n'kufinya. Anatulutsa mawu awiri a Chingelezi, oyamba kuwamva ine m'nyumba imeneyo, otanthauza kuti nesi wabwino. Anti Linda analira chifukwa mayi awo alankhula, ndipo chiganizo cha amayi chinathera pomwepo.

Panatsala masabata awiri okha. Nsomba inasiya kuwiritsidwa, ngakhale amayi ankaipereka atayang'ana kumbali. Ine ndinadya chilichonse chimene agogo analoza, dzira laliwisi pampunga ndi buledi wa supageti uja yemwe. M'mawa wa tsiku la sikelo mantha anandigwira, ndipo ndinalowetsa mabatire anayi a tochi m'matumba a mkanjo wa agogo kuti alemereko. Iwo anawatulutsa limodzilimodzi n'kuwaika m'dzanja langa, nkhope ili phee. Kubafa tinaunjikana tonse anayi. Sikelo inakwera pang'ono chabe, pang'ono kwambiri moti ndinkafuna kupondapo ndi chala chakumwendo, koma Anti Linda anaimbira adokotala, ndipo adokotala anati tipitirize. Tinakhala m'nyumba ija zaka zina zitatu, mpaka mapepala athu anatuluka.

Nthawi imeneyo ndinkanena kuti ndine ndinapulumutsa banja, ngakhale zinkandiwawa kuti nkhalamba ya mkono umodzi inandigonjetsa pamtengo. Lero ndimagulitsa magalimoto akale ku Mississauga, ndipo ndimadziwa nkhope ya munthu amene waona zonse koma wasankha kukhala chete. Windo lija linkayang'ana kugalaja, ndiye ankandiona ndikukwirira chakudya chawo m'sinowo. Chala chimodzi choloza bini pamaso pa mwana wawo chikanakwana kutichotsa m'nyumbamo, koma sanaloze. Ndipo tikakhala patebulo paja, mimba yanga ankaimva ikulira. Mpunga wambiri unkakhala mbali yanga ya mbale, ine ndili kalikiliki kuwerenga masupuni, n'kumadandaula mumtima kuti andibera.