Madzi a Chambiko ndi BP ya Bambo

Bambo anga atapezeka ndi BP, mtima wanga sunakhalenso m'malo. Mutu ukangowapweteka pochokera kudimba, ndinkazungulira pakhomo pathu kwa Mbenje ngati nkhuku yofuna kuikira.

Tsiku lina mng'ono wanga, yemwe amaphunzira za zakudya ku koleji, anaimba foni. Anati madzi achikasu amene timatsanula pa chambiko n'kupatsa agalu ali ndi tizidutswa ta mapuloteni, ndipo akatswiri akufufuza ngati timachepetsa kuthamanga kwa magazi.

Bambo atamva anasangalala. "Basi, mapiritsi ndasiya. Ng'ombe zanga zindichiza."

"Musatero, bambo, chonde," ndinawapempha, koma anangonyamuka kupita kukhola.

M'mawa mwake ndinawakakamiza kupita kuchipatala, njira yonse tikukangana. Namwino atawayeza pamkono anapukusa mutu. "Madziwo imwani ngati mukufuna, bambo, koma mapiritsi musasiye. Nsomba zamchere muchepetsenso."

Mpaka pano amamwa zonse ziwiri, koma madziwo amamwa atakwinya nkhope. BP imatsika, mwezi wina n'kukweranso, ndipo sitidziwa chikuthandiza n'chiti. Za nsombazo ndiye sanamverebe.