Nsomba Imene Inabwerera M'dzenje

Kwathu ku Nsanje chisanu timachilandira ngati mlendo wochokera kuboma, chifukwa chimabwera kamodzi pachaka ndipo sichikhalitsa. Kamphepo ka mu Juni kakangoyamba, majekete a pakaunjika amatuluka m'masutikesi, anthu n'kumayenda atakweza mapewa, thukuta likuyenderera kumsana. Ndiye mlongo wanga atapita kukaphunzira kudziko lina lakumpoto kwenikweni, n'kumatiuza pafoni kuti kumeneko nyanja imauma gwa ngati mwala, tinkamuyankha kuti chisanu ifenso timachidziwa.

Iyeyo ndiye mwana wamwamuna yekhayo wa Baba, msodzi wa mu Shire. Atamukweza m'bwato koyamba anasanza, kachiwiri analira, kachitatu anathawira kusukulu osabwererakonso. Ndinatsala ndine, mwana wamkazi, wotumbula nsomba, wowamba, wosoka maukonde, ndiponso wopalasa bwato msana ukawavuta Baba. Koma nkhafi yakale imene Baba anasiyiridwa ndi bambo awo inkakhala kudenga, kudikira mwini wake. Zinkandiwawa, sindinama.

Mu Febuluwale wina, kunja kukutentha moti ngakhale nkhuku zinali kukamwa yasa, mlongo wanga uja ananditumizira kavidiyo. Anati ndi chikondwerero cha chisanu. Anthu okhala ndi nyumba zofunda anali atatuluka dala kukazizidwa. Ena ankatsetsereka pa timatabwa, ena akusema zinyama pa ayezi, agalu akukoka anthu akuluakulu a miyendo yawo iwiri. Pakati pa nyanja youmayo panali mlongo wanga, atavala ngati mtolo wa thonje, atakhala pa chidebe pafupi ndi kadzenje kobowola. Anakoka chingwe, n'kutulutsa nsomba yaitali ngati mkono wanga. Anainyamula, n'kumwetulira, n'kuikolola mbedza mosamala. Kenaka anaibwezera m'dzenje muja.

Ndinaonera kawiri ndili ndekha. Nditapita nako kwa Baba, ndinakaimitsa pamene nsomba inali m'manja mwake. Mpaka lero ndimadziuza kuti ndinkawamvera chisoni.

"Pyadidi," anayamikira Baba m'Chisena, maso ali pafoni. "Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Taona m'mene waigwirira kumutuko."

Sabata yonse ndinakhala wonyamula foni. Baba ankandikokera padoko kuti asodzi anzawo aone, ine chala chili tcheru kuti ndiimitse pamalo pomwe paja. Akuluakulu anatsutsana mpaka dzuwa kupendeka pa nkhani ya ng'ona za kumeneko, kuti zimapuma bwanji pansi pa ayezi. Mmodzi anati mnyamatayo ndi wochenjera, wapeza dziko limene nsomba imatuluka m'madzi ili kale m'firiji. Baba ankangoseka chamumtima. Anatsitsa nkhafi ija kudenga, n'kuipukuta mwaye, n'kuipaka mafuta. Anati mwanayo akamaliza sukulu aipeze ili bwino.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi, mlongo wanga anaimba foni yoonana nkhope. Ndinayesa kunamizira netiweki, koma tsiku limenelo inali bwino kuposa masiku onse.

"Nsomba ija unaiwamba kapena unaithira mchere?" anafunsa Baba.

Iye anaseka. "Ayi Baba, ndinaibweza m'madzi. Ndi lamulo la chikondwererocho. Timangoiyeza kutalika n'kujambulitsa nayo."

"Inali yodwala?"

"Ayi, inali bwinobwino. Ndi masewera chabe. Kodi achemwali sanakuonetseni mpaka kumapeto?"

Baba sanandiyang'ane. Anamufunsa ngati akudya mokwanira, ngati nsapato zake n'zofunda, mwaulemu wonse ngati akucheza ndi mwana wa mnzawo. Foni itadulidwa anayang'anitsitsa milamba imene ndinali nditaiyala pachiwambo.

"Munthu wobweza nsomba m'madzi," anatero pomaliza, "alibe womudikira kumtunda."

Ndinafuna kuwauza kuti ndi mwambo wa eni dziko, kuti mwanayo amatikumbukira, kuti wolakwa ndine. M'malo mwake ndinapita kukatembenuza milamba ija.

M'mawa mwake tikupita kukavuula maukonde, ndinawapeza Baba ataima pakhomo ndi nkhafi yopaka mafuta ija.

"Tenga iyi. Yako ija yang'aluka."

Yanga inalibe mng'alu ndi umodzi womwe. Nkhafi imeneyi ndinali nditailakalaka kuyambira ndili kamtsikana, ndipo ndinkaganiza kuti tsiku loilandira ndidzavina mpaka fumbi kobo. Ndinangoilandira ndi manja awiri, n'kutsika nayo kudoko. Baba anakhala kutsogolo kwa bwato, ine kumbuyo ndikupalasa, ndipo sanacheuke mpaka tinafika pamaukonde.