Msilikali Wovala Dzina la Mkulu Wake

Edilson Tomás anabadwa chaka cha 2000, m'mudzi wa makilomita khumi ndi awiri kuchokera ku mishoni ya Fonte Boa. Makolo ake anali mwa aja anathawira nkhondo ku Dedza n'kubwerako ndi mphasa ndi makasu awiri. Ana anabereka asanu, koma anakula awiri okha: Romano, ndi Edilson amene anatsatira patapita zaka zisanu ndi chimodzi.

Romano sukulu anailekeza kalasi yachisanu n'kulowa m'munda wa kachewere. Wa mutu anali Edilson. Ankapalasa njinga makilomita makumi awiri ndi anayi tsiku ndi tsiku mpaka anamaliza dezima, kalasi yachikhumi, ndipo Loweruka ankazungulira m'madimba kukonza mapampu othirira. Pampu ikayamba kutsokomola, mwini wake ankangoti, "Kaitaneni wa kwa a Genoveva uja." Iye asanaigwire ankayamba waimvetsera, khutu pafupi ndi injini, ngati wina akumunong'oneza.

Chaka chimene anamaliza dezima bambo wawo anamwalira. Mvula isanagwe, dzina la Romano linatuluka pa mndandanda wa oitanidwa ku tropa, ku usilikali wokakamiza.

Kudera kuno pepala silinkakhala la munthu mmodzi. Anthu anabwera kuchokera ku Malawi opanda zikalata, ndipo amene anapeza sedula, kabuku kakubadwa kopanda chithunzi kaja, ankaisamala ngati mbewu. Mwana akamwalira, sedula yake ankaisungira mng'ono wake. Sedula imodzi inkatha kulowetsa ana awiri sukulu. Choncho amayi awo, a Genoveva, atatsegula chitini chawo n'kutulutsa masedula awiri, panalibe anaona ngati tchimo likuchitika.

Amalume a anyamatawo, a Bento, ndiwo anayankhula.

"Romano wangokwatira kumene, munda uli m'manja mwake. Iwe ulibe mbuzi, ulibe mkazi. Zaka ziwiri n'chiyani? Tibzala kanayi, tikolola kanayi, wabwera."

"Nanga sukulu, amalume?"

"Sukulu ilibe miyendo. Uipeza."

Edilson anatenga sedula ya Romano. Ku vila, ku tauni ya boma, anamujambula, anadinda chala, n'kumupatsa chitupa chake choyamba: nkhope yake, chala chake, dzina la mkulu wake. Mwezi woyamba ku kwartelu, ku kampu ya asilikali, anamulanga kangapo kudumpha ngati chule padzuwa chifukwa akaitana Romano Tomás iye ankangoyang'ana kumbali. Mwezi wachiwiri anaphunzira.

Anamuika m'gulu la asilikali a pansi n'kumutumiza kumpoto, ku nkhondo ya ku Cabo Delgado. Mwana wa kumapiri ozizira anakakumana ndi kutentha, udzudzu ndi tchire losaona patali. Zaka ziwiri zitakwana, kumudzi anamuuza pa foni kuti kandalama kake n'kamene kakugulira feteleza, ndiye anasaina kupitiriza. Anapita kumeneko anyamata makumi atatu ndi mmodzi. Pofika chaka chachinayi, mwa amene anayamba nawo anatsala khumi ndi asanu ndi anayi. Edilson ankawerenga zimenezi m'mawa uliwonse, mosafuna, monga lilime limapitira pa dzino lobowoka.

Tsiku lina pampu yothirira mafuta m'helikopita inakana kulira. Amakanika a gulu la ndege anaizungulira, thukuta kamukamu, ovulala awiri akudikira pa machira. Edilson anali pa ulonda pafupi. Anapempha kuti ayese. Anaimvetsera, anamasula kapaipi kamodzi, anapemerera, anamanganso, n'kukoka chingwe. Inalira.

Mkulu wa amakanikawo, Sarjento Patrisio, munthu wa imvi wochokera kumwera, anamuyang'ana kuyambira ku nsapato.

"Unaphunzira kuti zimenezi?"

"M'madimba a kachewere, shefi."

"Kachewere amauluka kwanu?"

"Akakwera mtengo, shefi."

Sarjentoyo anaseka, ndipo kuyambira tsikulo ankamuitana pakakhala ntchito. Patatha miyezi itatu anamuuza kuti gulu la ndege likutenga anthu khumi ndi awiri kuchokera kwa asilikali a pansi, akaphunzire umakanika wa ndege miyezi isanu ndi inayi, kutali ndi tchire. Zofunika zinali zitatu: rekerimento, kalata yopempha kusamuka, yosainidwa ndi mkulu wa gulu lake, zaka zosapitirira makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, ndi sertifikadu ya dezima.

Rekerimento analemba yekha, Chipwitikizi chosalala, ndipo inasainidwa. Zaka za pa chitupa zinali makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu ndendende. Sertifikadu anali nayo, ya mamaki abwino, m'chitini cha amayi ake. Koma inali ya Edilson Tomás, ndipo wopempha kusamuka anali Romano.

Iye sanaone ngati phiri. Anaganiza kuti zimene zinasinthidwa pakhomo zikhoza kubwezedwa: apita ku rejisto, ku ofesi ya kalembera, ndi mboni ziwiri, anena zoona, aliyense atenge dzina lake. Anamupatsa masiku khumi ndi awiri. Anayi opita, anayi obwerera, anayi a kumudzi.

Anafika masana. Nyumba ya Romano inali ya malata tsopano, pakhonde pali njinga yamoto. Kamtsikana ka zaka zinayi kanamuyang'anitsitsa yunifolomu.

"Dzina lako ndani?" anakafunsa.

"Anita Edilson."

Anaganiza kuti amulemekeza popatsa mwanayo dzina lake. Mlamu wake Dalila ndiye anatuluka n'kukakokera mwanayo kumbuyo kwake, moni wake wamfupi.

Nkhani yonse anaimva chakumadzulo, Romano atabwera, amayi awo ndi a Bento ali pomwepo. Munda anali atausiyira aganyu. Chaka chomwe Edilson anachoka, mwini nyumba ina yosungiramo mbewu ndi feteleza ku Kalomwe ankafuna wosunga makiyi wokhala ndi dezima. Romano anatenga sedula yotsala m'chitini, anakadinda chala, n'kupereka sertifikadu ija. Kuntchito anali a Edilson. Ana ake atatu analembedwa kuti bambo wawo ndi Edilson.

"Pepala linkangogona m'chitini," anatero Romano. "Ndikanalisiya lidyedwe ndi njenjete?"

"Achimwene, ndikulifuna tsopano. Ndi dzina lomwe."

"Ukudziwa chimene ukunena? Ukakatsegula pakamwa ku rejisto, ine ndine wothawa tropa, ndinenso wakuba dzina. Ntchito yatha, ndende yayamba."

"Tropa yanu ndatumikira ine, kawiri. Ndikawafotokozera."

"Wanenepa nayo tropayo. Taona masaya."

Edilson anavula malaya n'kuwaonetsa nthiti, ndi chipsera chochokera paphewa kutsika kumsana. Anawauza za anyamata makumi atatu ndi mmodzi aja, ndi amene atsala. Anati akabwerera wopanda pepala, gulu lake likulowanso m'tchire mwezi wamawa. A Bento anayang'ana pansi. Dalila analowa m'nyumba.

A Genoveva anapinda korona yawo m'manja. Kenako anati, "Vala malaya, kukuzizira. Lolemba tipita ku vila, ine ndi amalume ako."

Masiku awiri otsatirawo Edilson anali ngati wabadwanso. Anapita ku Misa, anakonzera anthu mapampu atatu osalandira kanthu, anauza anzake akale kuti chaka chamawa akadzamva ndege ikudutsa pamwamba pa phiri la Domwe adzakweze dzanja. Anaona amayi ake ndi a Bento akuyankhula ndi Romano kuseri kwa nkhokwe, koma anaganiza kuti akukonza za ulendo.

Lolemba onse atatu anakwera shapa, minibasi ya ku vila. Ku rejisto anawalandira mayi wina waulemu, wa magalasi. Edilson anaimirira mowongoka n'kufotokoza zonse mwadongosolo: masedula awiri, mndandanda, chaka, mwezi. Mayiyo anamvetsera osamudula. Anatenga chitupa chake, anamuuza aike chala pa kagalasi, n'kuyang'ana pa kompyuta.

"Chala chikuti ndinu a Romano Tomás."

"Ndi chimene ndabwerera, mayi. Mboni ndi izi."

Mayiyo anatembenukira kwa a Genoveva. "Amayi, mwana uyu ndi wanu?"

"Ndi wanga."

"Dzina lake ndani?"

"Romano."

Edilson anaganiza kuti sanamve funso. "Amayi, akufunsa dzina langa lenileni."

A Genoveva sanamuyang'ane. Anayankhula ndi mayi wa magalasiyo, mawu awo osanjenjemera. "Ndinabala ndine, ndingasokoneze? Uyu ndi Romano, woyamba. Edilson ndi mng'ono wake, ali pantchito ku Kalomwe. Chibwerere ku nkhondoko mutu sukuyenda bwino. Amadzitcha dzina la mng'ono wake, amauza anthu kuti aziyendetsa ndege. Tamuperekeza kuti mwina akamva kwa inu a boma akhazikika."

"Ndi momwemo," anatero a Bento. "Mwanayu anali wabwinobwino."

Edilson anayamba kutchula. Anatchula tsiku la ubatizo wake, aphunzitsi ake kuyambira kalasi yoyamba, mamaki a masamu, nambala ya desiki ya mayeso. Mawu ankakwera, ndipo anthu a pamzere anayamba kusendera kukhomo. Pamene ankachulutsa umboni m'pamene ankaoneka ngati zimene amayi ake ananena. Mlonda anayandikira.

Mayi wa magalasi anamubwezera chitupa ndi manja awiri. "A Romano, mwatumikira dziko, tikuthokoza. Mukafika ku kwartelu mukaonane ndi dokotala. Si zamanyazi."

Panja dzuwa linali lowala koma mphepo yozizira. A Bento anati akukagula fodya, ndipo sanabwerenso. Edilson anatsala ndi amayi ake pansi pa mtengo wa bulugamu.

"Mukanangokana kunyumba," anatero.

"Ukanabwera wekha. Ukanapeza mboni zina, aphunzitsi ako aja. Tsopano alemba kuti ndiwe Romano."

"Amayi, kumene ndikubwererako anthu akufa."

"Ndikudziwa. Ndimakupempherera tsiku lililonse." Anakonza mpango wawo. "Ndaika m'manda ana atatu, za imfa usandiphunzitse. Uko kuli ana atatu ndi mayi wawo, onse akudya dzina limenelo. Iwe uli wekha. Ndiponso iwe unazolowera kale kumeneko. Mkulu wako sangathe, ali ndi chifuwa."

"Mukamandipempherera mumatchula dzina liti?"

"Mulungu amadziwa ana ake. Tiye, shapa itisiya."

Sanakwere nawo. Tsiku limodzi linali litatsala, koma sanabwerere kumudzi. Chikwama chake anachita kutumiza uthenga kuti chimupeze pa siteji, ndipo madzulo omwewo anali pa msewu wa ku Tete.

Ku kwartelu Sarjento Patrisio anamuona akulowa n'kutambasula dzanja. "Pepala."

"Palibe, shefi."

"Lapsa? Sukulu imapereka lina."

Edilson anafotokoza, mwachidule ulendo uno, mawu ali pansi. Sarjentoyo anavula chipewa n'kukanda imvi zake.

"Zimenezi wandiuza ine, zithere pano. Ukaziuza ofesi popanda mboni, udzatuluka muno wopanda yunifolomu, wopanda dzina, mwina ndi unyolo. Ine ndimakonza injini, za mabanja sindizitha." Anavalanso chipewa chake. "Pali sukulu ya akuluakulu. Romano analekeza pati?"

"Kalasi yachisanu."

Onse awiri anawerenga chamumtima. Kuchokera yachisanu kufika dezima, zaka zisanu. Munthu wa pa chitupa adzakhala ndi zaka makumi atatu ndi zitatu, malire atawapitirira kalekale. Edilson mwini wake anali ndi makumi awiri ndi ziwiri.

Lachisanu anawerenga mayina khumi ndi awiri pabwalo. Malo amene sarjento anamusungira anapita kwa mnyamata wina waulemu wa ku Nampula, wa dezima yoyera, amene sankadziwa kusiyanitsa sipanala ya teni ndi ya thwelofu. Sarjento Patrisio anapempha Edilson kuti amuonetseko pang'ono asananyamuke, asakachite manyazi kusukuluko. Edilson anamuphunzitsa masana awiri, bwinobwino, mpaka kumvetsera injini.

Lolemba m'mawa malole atatu anaima pa geti, akumka kutchire. Lole yachiwiri, imene anakwera Edilson, batire yake inali yofooka. Edilson anatsika, anakankha pamodzi ndi anzake mpaka inalira, n'kuthamangira kukwera kumbuyo ikuyenda kale.