Mtsikana Amene Ankasambitsa Matimati

Tsiku limene masamba a matimati ake anada ngati awauka ndi moto, mtsikanayo anakhala pansi m'dimba n'kulira.

Anali wamasiye, woleredwa ndi amalume ake. Mayeso atamukanika, amalumewo anamubwereka kachigawo ka dimba kwa nyengo imodzi yokha. Matimati akakanikanso, apita kutauni kukagwira ntchito ya m'nyumba kwa anthu osawadziwa. Ana awo obereka okha sanaikiridwepo malire otere. Chilungamo chake chili pati pamenepa?

Mawanga akuda anayambira masamba a m'munsi. Iye anazimvera chisoni mbewuzo. Madzulo aliwonse ankanyamula keni n'kumazithira madzi pamwamba, tsamba ndi tsamba, monga mmene malemu mayi ake ankamusambitsira thupi likatentha. Matenda anangokwererakwerera.

Akazi a amalume ankadutsa akuseka, ati dokotala wa matimati ayambe kulongedza chikwama.

Sanalongedze. Anathyola nthambi yodwala n'kuyenda wapansi mpaka kwa mlangizi wa zaulimi. Bamboyo anatembenuza tsamba, n'kufunsa mmene amathirira. Atamva, anagwira pakamwa.

"Mwanangu, ichi ndi chiwawu. Chimakonda tsamba lonyowa. Iwe ukuchisambitsa n'kuchigoneka pabwino."

Anamuuza kuti azule mbewu zonse zodwalitsitsa, akazitenthe kutali. Zotsalazo azithothole masamba a m'munsi, aziimiritse ndi timitengo, aphimbire nthaka ndi udzu kuti matope asamadumphire m'masamba, kenako apopere mankhwala. Madzi azithira patsinde, m'mawa.

Kuzulako ndiye kunawawa. Zina zinali zitachita kale maluwa. Amalume atamupeza akusonkha moto anakalipa kuti wapenga, munthu wanzeru satentha mbewu yake.

"Malume, ndikazisiya zonse, zifa zonse. Mundiweruze nyengo ikatha, osati lero."

Mizere inatsala ndi mipata ngati mano a nkhalamba. Koma masamba atsopano anatuluka obiriwira, opanda banga. Matimati anatupa, anafiira, nthambi mpaka kuwerama.

Kutauni anapitadi, koma ndi madengu odzaza, n'kubwerako tsiku lomwelo. Za nyengo imodzi zija amalume sanazitchulenso.

Inu amene munapatsidwa mpata umodzi pomwe anzanu amapatsidwa mosawerenga, tamverani. Chimene chikukudyani chizuleni, ngakhale chili ndi maluwa. Chotsalacho chisamalireni. Osataya mtima, mizere ya mipata imabalanso.