Utsi wa M'botolo la Bwana

Ndinafika ku Mzimba ndili munthu wamkulu kale, nditaika mkazi wanga m'manda kwathu ku Kasungu. Masiku amenewo nyumba zanjerwa paboma zinali zowerengeka, ndipo katundu yense ankabwera pamitu ya amtengatenga. Ndinapeza ntchito ya ukhukhi kwa mzungu wina wa ku Skotilandi amene ankayeza misewu. Analibe mkazi, analibe ngakhale galu, ndipo azungu anzake sankamuitana chifukwa pocheza ankangokhala duu ngati chitsa.

Ndinasungulumwa kwambiri kumeneko, sindibisa. Anthu ake ndi abwino, koma Chitumbuka chinkandikanika, moti ndikati ndiyese, amayi a pachitsime ankaseka mpaka kutayikira madzi. "Yewo, dada," ankatero, nkhani n'kuthera pomwepo. Sabata yathunthu inkatha ndikulankhula ndi nkhuku zokha.

Chimene chinkandisunga chinali Lamulungu masana. Bwana ankatulutsa mpando pakhonde ndi botolo limodzi la wisiki, ine n'kukhala pamasitepe kumatong'ola mtedza. Sitinkanena kanthu, koma sankandithamangitsa, ndipo kukhala pafupi ndi munthu wina wopuma kunkandikwanira. Ankathira pang'ono zedi, posamira n'chala chomwe. Ankanunkhiza nthawi yaitali, n'kulawa, maso n'kufiira, n'kumayang'ana kumapiri.

Tsiku lina potsuka tambula yake ndinanunkhiza. Utsi! Ndinaitembenuza, ndinanunkhizanso, utsi ndithu. Apa ndiye ndinapsa mtima, chifukwa zamowa ndinkazidziwa. Mayi anga ankatcheza kachasu ndi mtsuko ndi mpope wa mfuti yakale, ndipo ndinakula ndikudziwa kuti kachasu akanunkha utsi ndiye kuti wotcheza anagona, moto unakula, pansi pa mtsuko panapserera. Mowa wotero mayi sankaupereka kwa mlendo. Ankausefa pamakala osinja kufikira fungo litachoka. Ndinati mumtima, azungu anzeru zonsezi, opanga mfuti ndi mawotchi, akulephera kuyang'anira moto? Munthu wa Mulungu akumwa zopserera mpaka kutuluka misozi, chifukwa chosowa womuchitira chifundo.

Ndikanafunsa. Koma ndikanafunsa m'chinenero chanji? Iye ankadziwa Chitumbuka chothyokathyoka, ine Chichewa changa, ndipo zimene tinkamvana zinali madzi, mazira ndi nyale. Komanso ndinkafuna kumudabwitsa, aone kuti panyumba pake pali munthu. Safunsa anadya phula.

Atapita ku Euthini ndi anthu ake kukayeza njira, ndinagwira ntchito yanga. Ndinasankha makala abwino, ndinasinja, ndinachapa kansalu koyera, ndinasefa wisiki uja kanayi konse osataya dontho. Mtundu wake unayera pang'ono, fungo la utsi linatsala lakutali. Ndinabwezera botolo pamalo pake ndili wonyada ngati ndapha nyalugwe.

Lamulungu lotsatira anakhala pakhonde, anathira, anaika mphuno. Anakhala choncho. Anathiranso, ananunkhizanso, kenaka anakweza botolo kuliyang'ana padzuwa.

"Khukhi, wakhwaska botolo ili ndi njani?" anafunsa m'Chitumbuka chake, kufuna kudziwa amene anakhudza botololo.

"Ndine, Bwana. Munali utsi. Ndauchotsa, tsopano ndi wabwino."

Ndinadikira kuti andiyamike. Iye anaika tambula pansi mosamala, n'kuyamba kulankhula. Aka kanali koyamba kumumva akunena mawu ambiri, akusakaniza Chitumbuka, Chizungu ndi manja, ndipo ngakhale zina zinandipita, zofunika ndinazimva. Kwawo, pachilumba chozizira, bambo ake anali ndi kanyumba kophikira wisiki pafupi ndi kamtsinje, anthu atatu okha ogwira ntchito. Chimera chawo cha barele sankachiyanika padzuwa ngati ife, pakuti dzuwa kulibe. Ankakumba dothi lakuda kudambo, kuliumitsa, kuliyatsa, ndipo utsi wake ndiwo unkaumitsa chimera. Utsiwo ankaufuna dala. Wisiki uyu anali wamng'ono, sanakhalitse mumgolo wamatabwa, chifukwa bambo akewo anamwalira, abale n'kutsanula zimene zinalipo, kanyumba n'kutsekedwa.

"Malaya gha dada wane ghakanunkhanga nthena," anatero, kutanthauza kuti malaya a bambo ake ankanunkha choncho. "Botolo linyake kulije. Mbwenu lamara." Botolo lina kunalibe, ili linali lomaliza.

Ine amene ndinasunga mpango wa malemu mkazi wanga osauchapa chaka chathunthu, ndinalephera bwanji kuzindikira chimene munthu ankafuna m'tambula muja?

"Pepani, Bwana. Ndinkayesa ndikukuthandizani."

"Nkhumanya," anayankha, kutanthauza kuti akudziwa, n'kulowa m'nyumba.

Sanandikalipire, sanandichotse ntchito. Bwenzi zili bwino akanandimenya khofi, mlandu ukanatha. Malamulungu awiri anadutsa mpando uli m'kati, iye akumwa tiyi kuchipinda, ine ndili kukhitchini ndi mtedza wanga.

Madzi akatayika saoleka, koma ine ndine wamakani. Ndinapita kudambo kukakumba dothi lakuda la mizumizu, ndinaliumitsa, ndinalisonkha ndi nkhuni za msuku kuti lifuke. Ndinatsanulira wisiki m'mbale, ndinaivundikira ndi mtanga pamwamba pa utsiwo masana onse, maso akundiwawa. Pomaliza wisikiyo ankanunkhadi utsi, wamphamvu kuposa kale. Ndinabwezera m'botolo, ndinatulutsa mpando ndekha, n'kukagogoda pachitseko chake.

Anatuluka, anaona mpando, anaona botolo. Anathira pang'ono monga mwa masiku onse, anatseka maso n'kununkhiza. Ndinaima pamasitepe kudikira. Anamwetulira, ndipo kumwetulira kwake kunandipweteka kuposa misozi.

"Zikomo kwambiri, Khukhi," anatero m'Chichewa chimene anachitola kwa ine. "Koma utsi uwu ndi wa kwanu."

Anandipatsa tambula ija m'manja, ananyamula mpando wake n'kulowa nawo. Ndinagwira ntchito panyumba pake zaka zina ziwiri, ndipo pakhonde paja sitinakhaleponso.