Nyanga ya Mbuzi Yovala Jekete

Tinasamukira ku Chiputula ndili Sitandade 5, bambo atawasintha ntchito kuchokera ku Zomba. Kuzizira kwake, mvula yosakata, ndiye ine Chitumbuka chomwe ndinkadziwa ndi "yewo" basi. Pa buleki ndinkadya mbatata yanga ndekha kuseri kwa kalasi. Ndisaname, masiku ena ndinkalira. Ndinkafuna mnzanga, ngakhale mmodzi.

Amalume anali atandibweretsera buku la zithunzi kuchokera ku Joni. Munali mbuzi yovala jekete, ya nyanga imodzi, yomwe ija tinkaiona m'katuni galimoto ya filimu ikabwera pabwalo. Ana onse ankaidziwa, koma kumene kunapita nyanga inayo palibe ankadziwa. Bukulo linkafotokoza zimenezo, kungoti m'Chingerezi, ndipo Chingerezi changa chinali chongoyankhira aphunzitsi poitana mayina.

Tsiku limene ndinapita nalo kusukulu ana anandiunjirira ngati ndikugawa mandasi.

"Werenga iwe! Nyanga inapita kuti?"

Kuvomera kuti sinditha? Ine ayi. Ndinaika chala pamizere n'kuyamba kupeka. Ndinati mbuziyo inabadwira ku Thondwe, mayi ake ankagulitsa matemba, jeketeyo inaba pachingwe cha abusa. Tsiku lililonse tsamba limodzi, ndipo malo anga pakapinga ankandisungira. Titafika pa nyanga ndinati inakodwa muwaya pamsika, mbuzi ikuthawa anyamata ofunsa makhadi a chipani. Ana anaseka atagwira pakamwa, maso ali uku ndi uku. Amayi akanamva zimenezo akanandisenda.

Ndiye m'kalasimo munali mtsikana wina wa ku Nkhata Bay, mwana wa aphunzitsi, wosaphonya nambala wani. Ameneyo Chingerezi ankachita kumwa. Masiku onsewa ankangomvera chapatali atapinda manja. Tsiku limenelo anabwera n'kutambasula dzanja.

"Tabweretsa ndione."

Koto! Ndinamupatsa, nanga ndikanatani? Anawerenga chamumtima tsamba lonse, milomo ikugwedera pang'ono, ine ndikuona kale mmene ndibwererere kuseri kwa kalasi. Anatembenuza tsamba, n'kubwereranso. Kenako anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Akuti chiyani?" anzathu anafunsa.

"Ndi momwemo," anatero, n'kutseka buku. "Waya wa pamsika."

Poweruka ndinamva mapazi kumbuyo kwanga m'matope muja. Anali iyeyo. Ndinafulumira, nayenso anafulumira, mpaka anandigwira chikwama.

"Iwe ndiwe wabodza chomene," anatero. "Alemba kuti inagwa panjinga ili yaing'ono. Basi, nkhani yonse ndi imeneyo."



"Zosakoma n'komwe," anapitiriza, akundikola mkono. "Tiye ndikuperekeze. Undiuziretu ine ndekha, mawa mbuziyo ikwatira ndani?"